MIYALA YA PAMANDA NDI MBIRI YA MABANJA A KU WALES

Dziko la Wales liri kumadzulo kwa England, ndipo ndi dziko la mapiri, la nkhosa ndi la nyumba zambiri za mapemphero. Kwa zaka zoposa mazana awiri ana ace akhala akubalalika. Ena anapita ku America, ena ku Australia, ndipo m'caka ca 1865 ena anaoloka nyanja m'combo ca Mimosa nakamanga midzi ku Patagonia. Masiku ano zidzukulu zao zimabwerera kudzafunafuna kumene makolo ao anacokera. Zimayamba ndi mabuku a boma ndi a chalichi, koma mabukuwo ali ndi mipata yaikuru, kotero kuti kawiri kawiri wofufuza amapezeka ali kumanda, akuwerenga zilembo za pa ciliza. Nkhani ino ifotokoza cifukwa cace mwala wa pamanda uli mboni yofunika comweco m'dzikolo, ndiponso cifukwa cace mboni imeneyi siyenera kumvedwa yokha.

Bvuto la maina

Kale anthu a ku Wales analibe dzina la banja lotsika kucokera kwa atate kufikira kwa adzukulu. Munthu anali kudziwika ndi dzina lace ndi la atate wace, ndipo pakati pa maina awiriwo anali kuikapo liu lakuti ap kapena ab, ndiko kunena mwana wamwamuna wa uje, kapena ferch, mwana wamkazi wa uje. Pamene malamulo a 1536 ndi 1543 analumikiza Wales ndi England, olemera ndiwo anayamba kutengera mwambo wa Angerezi, ndipo osauka anatsata pang'ono pang'ono. Ap Hywel anasanduka Powell, ap Rhys anasanduka Price, ab Owen anasanduka Bowen, ndi ap Richard anasanduka Pritchard. Koma ocuruka anangotenga dzina la atate nalisandutsa la banja: ana a John anakhala a Jones, a David anakhala a Davies, a Evan anakhala a Evans. Popeza maina obatizira anali owerengeka, parishi imodzi inali kukhala ndi a John Jones ambiri osakhala pacibale ngakhale pang'ono.

Ndiponso kusinthaku sikunacitike nthawi imodzi. Kumpoto, m'madera a Caernarfon ndi Meirionnydd, mwambo wakale unalipobe kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800, kotero kuti mwana wa John Evans anali kulembedwa Evan Jones, ndipo abale a mimba imodzi anali kukhoza kukhala ndi maina osiyana. Citsanzo ndi Mary Jones, mtsikana uja wa ku Llanfihangel-y-Pennant amene m'caka ca 1800 anayenda mamailosi ngati 26 kukagula Baibulo kwa Thomas Charles ku Bala. Mabuku amamuchula Mary Jones, koma anansi ace anali kumuchula Mari Jacob, pakuti atate wace anali Jacob. Mwamuna wace, woomba nsaru, amapezeka monga Thomas Jones m'zolembedwa zina ndi monga Thomas Lewis m'zina. Mary anamwalira m'caka ca 1864 naikidwa ku Bryncrug. Ngati mkazi wochuka cotere ali ndi maina osokoneza, nanga kuli bwanji wanchito wa pamunda amene palibe anamlembera buku?

Mipata ya m'mabuku

Thomas Cromwell analamula m'caka ca 1538 kuti parishi iri yonse izilemba maina a obatizidwa, okwatitsidwa ndi oikidwa m'manda. Ku Wales mabuku oyambira nthawi imeneyo ndi ocepa kwambiri. Ambiri amene anapulumuka ku cinyontho ndi makoswe amayamba patapita zaka zana limodzi kapena mazana awiri. Ngakhale amene alipo ndi ouma mau: wansembe anali kungolemba dzina ndi tsiku la maliro. Kuyambira 1813 lamulo linabweretsa mabuku osindikizidwa okhala ndi malo olembapo zaka za womwalira ndi kumene anali kukhala. Boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa pa 1 Julayi 1837, ndipo kalembera woyamba wosunga maina a anthu onse anali wa 1841.

Mpata waukuru koposa unadza ndi cipembedzo. Anthu ambiri a ku Wales anasiya Chalichi ca England nalowa mipingo ya Baptist, ya Independent ndi ya Methodist. A Calvinistic Methodist anaima paokha m'caka ca 1811. Kalembera wa opembedza wa 1851 anaonetsa kuti mwa anthu asanu amene anafika ku mapemphero tsiku lowerengalo, ngati anai anali m'mipingo yopatukayi. Mabuku a mipingo yotere sanali kusungidwa m'bokosi la parishi. Ena anatumizidwa ku London ndipo tsopano ali ku National Archives ku Kew. Ena anatsala m'nyumba za abusa ndi akulu a mpingo natayika pamodzi ndi katundu wao. Comweco banja lathunthu likhoza kuzimirira m'mabuku kwa mibadwo iwiri, koma maina ace ali ciimire pa miyala ya kuseri kwa kacisi.

Zimene mwala umanena

Mwala umaposa buku pa zinthu zitatu. Coyamba, umasonkhanitsa banja pamodzi. Buku la parishi limamwaza maina m'masamba osiyana, koma ciliza cimodzi cikhoza kuchula mwamuna, mkazi wace, makanda amene anafa asanalembedwe pa kalembera ali yense, ndi mwana wamkazi pamodzi ndi dzina la mwamuna amene anamkwatira. Caciwiri, umachula malo. Munda uli wonse ku Wales uli ndi dzina lace, monga Hafod, Hendre kapena Tŷ Mawr, ndipo dzina limenelo ndilo linali kusiyanitsa John Jones wina ndi mnzace. Wofufuza akapeza dzina la munda, wapeza cingwe cimene adzacitsata m'mabuku a msonkho, m'kalembera ndi m'makalata ogawira cuma ca masiye. Cacitatu, umanena za nchito ndi imfa. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, monga New Quay ndi Aberaeron, miyala yambiri imachula amalinyero amene anamira kapena kufera m'madooko akutali, amene maliro ao sanalembedwe m'buku liri lonse la kwao.

Miyala yambiri, makamaka ya pa manda a mipingo yopatuka, inalembedwa m'Ciwelshi, ndipo mlendo ayenera kuphunzira mau ocepa asanalowe pa cipata. Er cof am ndiko kunena cikumbutso ca uje, bu farw, anamwalira, oed, zaka zace, mab, mwana wamwamuna, merch, mwana wamkazi, priod, mkazi kapena mwamuna wa uje, gweddw, wamasiye, hefyd, ndiponso, yr uchod, wochulidwa pamwambayo. Ayeneranso kudziwa kuti m'cinenero cimeneci cilembo coyamba ca liu cimasintha potsata liu limene liri patsogolo pace, kotero kuti mab akhoza kuoneka monga fab, ndi merch monga ferch. Miyezi nayo iri ndi maina ace: Ionawr ndi Januwale, Medi ndi Sepitembala, Rhagfyr ndi Disembala.

Pansi pa maina kawiri kawiri pamakhala englyn, ndakatulo ya mizere inai ndi maphatikizo 30, yolukidwa ndi malamulo okhwima a kamvekedwe ka mau. Wofulumira amaidumpha, poyesa kuti ndi cokometsera cabe. Komatu nthawi zina ndakatuloyo imanena nchito ya womwalirayo, udindo wace mu mpingo kapena ngozi imene inamtenga, ndipo dzina la mlakatuli lolembedwa pansi pace likhoza kukhala la mbale kapena mnansi.

Kumene munthu anaikidwa

Wofufuza asayese kuti munthu wa mpingo wa Methodist adzapezeka pa manda a Methodist pokha. Mipingo yambiri inalibe manda ace, ndipo akufa ace anali kuikidwa pa manda a parishi ndi mwambo wa Chalichi ca England, cinthu cimene cinawawitsa anthu mtima zaka zambiri. Lamulo la 1880, limene analimbikira George Osborne Morgan, linalola kuti opatuka aike akufa ao pa manda a parishi ndi mapemphero ao. Koma ansembe ena sanakondwere. Ku Llanfrothen m'caka ca 1888, Robert Roberts, wanchito wa m'migodi ya sileti, anapempha asanafe kuti akagone pafupi ndi mwana wace wamkazi. Wansembe anakana natseka cipata, ponena kuti mbali imeneyo ya manda inaperekedwa kwa Chalichi cokha. Loya wacinyamata wa zaka 25, David Lloyd George, analangiza abale kuti atsegule cipataco ndi mphamvu naike mbale wao. Mlandu unafika ku bwalo lalikuru ku London, ndipo abalewo anapambana. Loyayo analowa m'Nyumba ya Malamulo m'caka ca 1890 nakhala Nduna Yaikuru m'caka ca 1916. Phunziro lace kwa wofufuza ndi lakuti ayenera kuyendera manda onse a m'deralo, a parishi ndi a mipingo yomwe.

M'mizinda ya migodi ndi madooko anthu anacuruka kufikira manda akale anadzala. Kuyambira zaka za m'ma 1850 malamulo analola mizinda kutsegula manda aakuru. A Cathays ku Cardiff anatsegulidwa m'caka ca 1859, okhala ndi mbali ya Chalichi ndi mbali ya opatuka. Mabuku a manda otere ndi cuma ceniceni, pakuti manda ali onse ali ndi nambala, ndipo buku limaonetsa onse amene anaikidwa pa nambala imeneyo, ngakhale amene maina ao sali pa mwala, ndiponso amene anagula malowo. Amphawi anali kuikidwa angapo m'dzenje limodzi popanda ciliza, ndipo buku la manda ndilo lokha limadziwa pogona pao.

Pamene mwala usokeretsa

Mwala ndi mboni, koma m'bwalo la milandu mboni imodzi sikwanira. Ciliza cinali kuimikidwa nthawi zina patapita zaka zambiri, pamene ana anapeza ndalama, ndipo masiku anali kucokera m'mitu ya okalamba. Zaka za womwalira zikhoza kuphonya ndi ciwiri kapena citatu. Wosema anali kukhoza kulakwitsa, ndipo mvula imasandutsa 3 kukhala 8, ndi 1 kuoneka ngati 7. Pa miyala yakale kwambiri pali msampha wina: cisanafike caka ca 1752 caka catsopano cinali kuyamba pa 25 Marichi, kotero kuti imfa yolembedwa Febuluwale 1740 ikhoza kukhala ya caka cimene masiku ano cimawerengedwa 1741. Cifukwa cace conse cimene mwala wanena ciyenera kuyesedwa ndi buku la maliro, kalembera, ndi makalata a cuma ca masiye, amene ambiri ace a caka ca 1858 cisanafike amasungidwa ku National Library of Wales ku Aberystwyth, nyumba ya mabuku yokhazikitsidwa m'caka ca 1907.

Dzina pa mwala silitsimikiza kuti mtembo uli pansi pace, ndipo kusowa kwa mwala sikutanthauza kuti munthuyo sanakhaleko. Pa ngozi ya mgodi wa malasha wa Gresford m'caka ca 1934 anafa anthu 266, koma mitembo 11 yokha ndiyo inaturutsidwa. Otsalawo ali pansi mpaka lero. Anthu ambiri amene anafa ndi kolera ku Tredegar m'zaka za 1832, 1849 ndi 1866 anaikidwa pa okha pa phiri la Cefn Golau, kutali ndi abale ao, cifukwa ca mantha a nthendayo. Mudzi wa Capel Celyn unamizidwa m'caka ca 1965 kuti mzinda wa Liverpool upeze madzi. Mitembo ina inasamutsidwa, ndipo miyala ya pamanda inakaikidwa pa malo a cikumbutso m'mbali mwa dziwelo.

Mboni imene irikukalamba

Mwambo wolemba cibale pa mwala ndi wakale ndithu m'dzikolo. Miyala ya zaka za m'ma 400 ndi 500, yolembedwa m'Cilatini, imachula uje mwana wa uje, monga momwe ap anadzacitira pambuyo pace. Pafupi ndi Llangollen pali cipilala ca Eliseg, cimene mfumu Cyngen ya ku Powys inaimika m'zaka za m'ma 800 pokumbukira kholo lace, nilembapo mndandanda wa mafumu a mtundu wace. Lero zilembozo zinafufutika pafupifupi zonse. Zimene zimadziwika za mau ace zinapulumuka cifukwa Edward Lhuyd anaima pamenepo m'caka ca 1696 nazikopera pa pepala.

Cimene cinagwera cipilala ca mafumu cirikugwera miyala ya anthu wamba. Sileti wa kumpoto, wocokera ku Penrhyn, Dinorwig ndi Blaenau Ffestiniog, yemweyo amene ana a sukulu anali kulembapo kale, amasunga zilembo zace zakuthwa zaka mazana awiri. Koma mwala wamcenga wa kumwera umasendeka ndi cisanu, ndipo dzina limagwa pansi ngati khungwa la mtengo. Nyumba za mapemphero zambiri zatsekedwa ndi kugulitsidwa, ndipo manda ace amera minga. Pozindikira ici, kuyambira zaka za m'ma 1970 mabungwe a mbiri ya mabanja, monga a Glamorgan, Gwent, Dyfed, Powys, Clwyd ndi Gwynedd, akhala akutuma anthu odzipereka kukakopera miyala umodzi umodzi ndi kujambula mapu a manda.

Nchito yao iri ndi malamulo ace. Wokopera amalemba mau onse monga momwe aliri, osakonza cilembo ngakhale cikuoneka colakwika, ndiponso osamasulira. Sapala mwala ndi citsulo. Amathira madzi pang'ono, kapena amadikira dzuwa lipendeke kuti mthunzi udzaze m'zilembo, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Amalembanso miyala yoyandikana nayo, cifukwa abale anali kugona moyandikana, ndipo dzina lacilendo la pa manda a pambali likhoza kukhala la amalume kapena la apongozi. Akatha zonsezi amapita ku mabuku kukayesa zimene waona. Pamene mwala ndi buku zibvomerezana pa dzina, pa caka ndi pa munda, pamenepo mdzukulu wocokera ku Patagonia kapena ku Pennsylvania akhoza kunena mosakayika kuti mwa a John Jones onse a m'parishi, uyu ndiye wace.