Magetsi a Mphepo a ku Wimbe ndi Makomo Atatu Osatseka

Ambiri a ife okhala m'cigwa ca fodya ca ku Kasungu tamva dzina la William Kamkwamba, mnyamata wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, amene anakola mphepo naisandutsa magetsi. Ena tinaona kanema wa mbiri yace wa caka ca 2019, ena tinangomva pa wailesi. Koma tikamaikamba mbiriyi pabwalo, timaikamba monga nthano ya munthu mmodzi wamwai, ndipo potero titaya phunziro lace. Tsono tifuna kuilondola kuyambira kumbuyo, kuti tione makomo atatu amene mwanayo anawapeza osatseka. Likadatsekeka limodzi lokha, bwenzi lero tisakumdziwa.

Khomo loyamba ndilo wailesi. Kale mbiri inayenda ndi miyendo ya amithenga ndi mau a ng'oma, ndipo pambuyo pace ndi makalata ndi timabuku ta ku misyoni. M'caka ca 1949 kunafika kawailesi ka mtengo wocepa kamene anakacha Saucepan Special, pakuti kanaumbika ngati poto wophikira. Anakapanga ndi a kampani ya Ever Ready ku England, mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo kanagwira mau a nyumba youlutsira ya ku Lusaka, imene inalankhulanso Cinyanja. M'caka ca 1964 dziko lathu linakhala ndi nyumba yaceyace ya MBC, ndipo pang'ono pang'ono wailesi inalowa m'midzi, kufikira inakhala mnzace wa mlimi pakhonde ndi m'cigafa momwe.

Cinthu cimodzi tisaiwale ca mawailesi amenewo: munthu akamasula timisomali ta kumbuyo, ankaona zonse za m'kati. William, amene anabadwa m'caka ca 1987, anayamba ndi msuweni wace kutsegula mawailesi akufa ali ana, kufuna kudziwa kumene mau acokera. Ena anawaononga, koma m'kuononga momwemo anaphunzira kukonza, kufikira anthu a m'mudzi anayamba kuwatengera mawailesi ao. Anazizwanso ndi dainamo ya njinga, imene iyatsa nyali gudumu likamazungulira, nileka likaima. Sukulu yace yoyamba ya magetsi inali imeneyo.

Khomo laciwiri linatseguka m'masiku oipa. Tonse a msinkhu tikumbukila njala ya kumapeto kwa 2001 ndi kuciyambi kwa 2002, pamene cimanga cinakanika, ndi ca m'nkhokwe za boma cinali citagulitsidwa. Kasungu anali mwa maboma amene anabvutika koposa. Anthu anadya gaga ndi mizu, nagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wa cabe. Atate wace wa William, mlimi wa cimanga ndi fodya, analephera kupeza ndalama za sukulu, monga madola 80 a ku America pa caka, ndipo mwanayo anacoka ku sukulu ya sekondale ya Kachokolo atangoyamba.

Koma pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe panali kanyumba ka mabuku, ndipo woyang'anira sanambweze mnyamatayo cifukwa cakuti sanali wa sukulu. M'menemo anapeza buku lochedwa Using Energy, lokhala ndi cithunzi ca makina a mphepo pacikuto. Cingerezi cace cinali cocepa, motero anawerenga zithunzi koposa mau. Pafupi ndi Kachokolo panali dzala la zitsulo la esiteti ya fodya. Kumeneko anatola cipupizo ca thirakitala ndi zitsulo zina. Anaotha mapaipi a pulasitiki pamoto nawaphwathalalitsa akhale mapiko, natenga njinga yothyoka ya atate wace, namanga nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika monga mamita 5. Anthu pomuona alikufukula m'dzala anati wacita misala. Koma m'caka ca 2002, ali ndi zaka 14, mphepo inazunguza mapiko, mapiko anazunguza gudumu, gudumu linazunguza dainamo, ndipo babu linayaka m'dzanja lace anthu alikuona. Pambuyo pace anayatsa nyali m'nyumba ya makolo ace, napanga coyatsira ndi mphira wa patapata, ndipo amene anamseka anayamba kudza ndi lamya zao za m'manja kudzathiramo moto.

Apa tiime pang'ono, tiwerenge zaka. Makinawo anazungulira zaka 4, kuyambira 2002 kufikira 2006, ndipo kunja kwa Wimbe panalibe wodziwa. Mwini wace anali cikhalire kunja kwa sukulu, alikulima. Nzeru inalipo, koma mbiri yace inalibe miyendo.

M'caka ca 2006 Dr Hartford Mchazime, mmodzi wa akuru a bungwe limene linaika mabuku aja, anafika yekha kudzaona ndi maso, nabweranso ndi atolankhani. M'mwezi wa November caka comweco nyuzipepala ya Daily Times inasindikiza nkhaniyo. Koma nyuzipepala ikhala tsiku limodzi; mawa lace akulungira usipa pamsika. Cimene cinaipulumutsa nkhaniyo ndico khomo lacitatu, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kupita ku Lilongwe, tifotokozenso cinthu cimene ambiri sitinaciphunzire.

Kompyuta iri yonse, ngakhale lamya ya m'thumba mwathu, iyenda ndi malangizo olembedwa ndi anthu, ochedwa pulogalamu. Makampani ambiri abisa malembo a pulogalamu zao. Ugula, ugwiritsa nchito, koma sungaone m'kati, sungakonze, sungapatse mnzako. Alipo ena amene anakana mkhalidwe umenewu. M'caka ca 1983 Richard Stallman wa ku America anayamba nchito yolemba pulogalamu zaufulu, ndipo m'caka ca 1991 wophunzira wina wa ku Finland, Linus Torvalds, analemba ciyambi ca Linux naciika poyera kuti ali yense awerenge, akonze, aonjezepo. Mkhalidwe umenewu auchula open source, ndiko kunena kuti kasupe wace ali wosabvundikira. Ife alimi sitibvutika kumva kusiyanaku. Mbeu ya haibulidi tigula caka ndi caka kwa mwini wace. Koma cimanga ca makolo tisankha tokha ngala zabwino, tisunga patsindwi, tigawirako mbale, nayenso agawira wina, osacepa kwa woyambayo. M'caka ca 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaturutsa mtundu wina wa Linux naucha Ubuntu, ndilo liu lomwe ife titi umunthu. Ndiponso lamya zambiri za Android zimene tiri nazo m'midzi zinamangidwa pa maziko a Linux yemweyo.

Ku Lilongwe, kuyambira caka ca 2001, kunali kagulu kochedwa Baobab Health, koyambitsidwa ndi Gerry Douglas, kamene kanakonza njira yolembera odwala pa cipatala cacikuru. Anagula timakina tochedwa I-Opener, timene tinapangidwira m'nyumba za anthu ku America koma malonda ace anagwa, natikonzanso kuti namwino azingokhudza pagalasi ndi cala. Pulogalamu zace zinalembedwa ndi anyamata a dziko lino pamodzi ndi alendo, ndipo zinali zosabisa. Onani kuti nchito yao inafanana ndi ya mwana wa ku Masitala: kutola cotayidwa, kucitsegula, ndi kucipatsa nchito yatsopano.

Nkosadabwitsa tsono kuti mmodzi wa iwo, Soyapi Mumba, ataona nkhani ija m'nyuzipepala, anaitengera mnzace wa panchito Mike McKay. Ameneyu sanali mtolankhani. Anali ndi katsamba kace pa intaneti kochedwa Hacktivate, pamene analembapo zimene anaziona, monga acitira anthu wamba ambiri popanda makina osindikizira, popanda kupempha cilolezo kwa mkonzi. Analemba za makina a mphepo a ku Wimbe, ena anawerenga nalembanso, kufikira nkhaniyo inafika kwa Emeka Okafor, amene analikusonkhanitsa anthu anzeru za manja ku msonkhano wa TEDGlobal. M'mwezi wa June 2007 William anaima pamaso pa khamu ku Arusha m'dziko la Tanzania. Kumeneko anaona intaneti kwa nthawi yoyamba, nazizwa poona kuti zonse zimene anazibvutikira yekha zinali zolembedwa kale pamenepo. Zimene zinakanika m'zaka 4 zinacitika m'miyezi 7. Anthu anamthandiza kubwerera ku sukulu; anaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, buku la mbiri yace lolembedwa pamodzi ndi Bryan Mealer linaturuka m'caka ca 2009, ndipo m'caka ca 2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth ku America.

Ife a mpingo sitiyenera kuuyesa wacilendo mkhalidwe umenewu. Pamene Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'cinenero cathu m'caka ca 1922, cinacitika nciani koma kutsegula khomo, kuti mlimi adziwerengere yekha wosadikira womasulira? Akuru anati, kupatsa nkuika. Woyang'anira mabuku wa ku Wimbe anabwereketsa buku limodzi, ndipo dziko lonse linakolola.

Koma tisanyengeke kuyesa kuti ciri conse coyenda pa intaneti ncabwino. Njira yomweyo imene inanyamula mbiri ya William inyamulanso mabodza ndi miseche, ndipo iwafikitsa kutali tsiku lisanathe. Nkhani ya ku Wimbe inakhazikika cifukwa woyamba kuinena anapita yekha, nakwera maso pansanja, naona babu likuyaka. Lero ali yense wa ife wokhala ndi lamya ali mthenga, ndipo mthenga wokamba zimene sanazione ali mboni yonama.

Cotsala ndico kudzifunsa tokha, makamaka ife aphunzitsi ndi akuru a mpingo. M'masukulu angati muli kabati ya mabuku yokhoma, mfungulo iri m'thumba la munthu mmodzi, ciswe cirikudya masamba, poopa kuti ana angadetse? Ana angati tawakalipira cifukwa comasula wailesi yakufa? Ndipo m'midzi yathu muli anthu angati opanga zodabwitsa, wina pampu ya kudimba, wina mbaula yosatha nkhuni, amene sitinawajambule kapena kuwalembera ngakhale mzere umodzi? Sabata ino tiyeni titsegule kabati, tilembe maina a obwereka m'kope, ndipo mwana wocotsedwa sukulu cifukwa ca ndalama akafika pakhomo, timlole alowe asankhe buku.