Philadelphia 76ers: mbiri ya timu yomwe inkagonja mwadala

Mu sizoni ya 2015/16, timu ya basketball ya Philadelphia 76ers inasewera magemu 82 mu ligi ya NBA ku America. Inapambana 10 okha, 72 onsewo n'kugonja. Kukanakhala kwathu kuno nkhwangwa ikanaidula mu ligi kalekale, kochi akanachoka osatsanzika, masapota akanatseka geti kufuna kuti akuluakulu atule pansi maudindo. Koma ku Philadelphia kunali ena omwe ankaomba m'manja, amvekere zonse zili m'chimake. Sankanama. Kugonjako kunali kochita kukonza.

Kuti misala imeneyi imveke, tiyambe ndi mmene NBA imayendera. Muli matimu 30 ndipo palibe imene imatsika ligi, ngakhale itagonja chaka chonse. Chaka chilichonse pamakhala draft, pomwe matimu amasankha achinyamata ochokera m'makoleji a ku America ndi kumayiko ena. Matimu ochita bwino amasankha kumapeto. Olephera amachita maere kuti apeze woyamba kusankha, ndipo masiku amenewo timu yothera kunsi kwenikweni inkakhala ndi mwayi wa 25 pa 100 wotenga malo oyambawo. Tsono basketball ndi masewero a anthu asanu mbali iliyonse. Katswiri mmodzi amasintha timu yonse, kusiyana ndi mpira wamiyendo momwe munthu mmodzi amasowa pakati pa anzake khumi. Malamulo a malipiro salolanso mwinitimu kungotulutsa ndalama n'kugula aliyense amene wamufuna. Motero malo owawa mu NBA si kunsi ayi, ndi pakati. Timu ya pakati ilibe mphamvu zotengera chikho, komanso sigonja mokwanira kuti ipeze mnyamata wapamwamba pa draft.

Pakatipo ndi pomwe 76ers inakhala zaka zambiri. Chikho inachitenga komaliza mu 1983, nthawi ya Julius Erving ndi Moses Malone. Mu 2001 Allen Iverson anaifikitsa pa fainolo, koma Los Angeles Lakers inaikwapula. Gulu la Josh Harris litagula timuyi mu 2011, linayesa njira yachidule. Mu 2012 linatulutsa Andre Iguodala ndi Nikola Vučević kuti lipeze Andrew Bynum, chimphona cha Lakers. Mawondo a Bynum anakana, ndipo bamboyo anachoka ku Philadelphia osasewerako gemu ngakhale imodzi.

Apa m'pamene analowera Sam Hinkie, mu May 2013. Anali ndi zaka 35, wophunzira zamalonda ku Stanford, ndipo anali atagwirapo ntchito ku Houston Rockets pansi pa Daryl Morey. Sanali munthu wa m'bwalo, anali munthu wa masamu. Maganizo ake anali osabisa: popanda katswiri weniweni chikho kulibe, katswiri wotere amapezeka pamwamba pa draft, ndipo popeza draft ndi maere, wanzeru amadzikundikira mipata yambiri. Patangotha mwezi ndi masabata, usiku wa draft, anatumiza Jrue Holiday ku New Orleans. Holiday anali ndi zaka 23, ndipo chaka chomwecho anali atasankhidwa m'gulu la All-Star. M'malo mwake kunabwera Nerlens Noel, yemwe anali wovulala bondo ndipo sanasewere sizoni yonse, komanso mpata wina wosankha chaka chotsatira. Otsutsa anakumbutsa kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Hinkie sanatekeseke.

Anatenga Brett Brown ku San Antonio Spurs kuti akhale kochi, n'kumupatsa anyamata omwe ambiri mwa iwo sakanapeza malo ku timu ina iliyonse. Sizoni yoyamba anapambana magemu 19, ndipo nthawi ina anagonja 26 motsatizana. Yachiwiri anapambana 18. Michael Carter-Williams, yemwe anatenga mphoto ya wosewera watsopano wochita bwino koposa mu 2014, anagulitsidwa ku Milwaukee mu February 2015, nayenso posinthana ndi mpata wa draft. Aliyense wosonyeza kuti angathandize timu kupambana lero ankapakira.

Mwa zonse zomwe Hinkie anachita, chachikulu chinali cha 2014, pomwe anasankha Joel Embiid pa nambala 3. Mnyamatayu anabadwira ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, anakula akusewera volleyball ndi mpira wamiyendo, ndipo basketball anaiyamba ali ndi zaka pafupifupi 15. Amene anamuona koyamba ndi mnzake wakwawo, Luc Mbah a Moute, yemwe ankasewera kale mu NBA. Atasewera chaka chimodzi ku yunivesite ya Kansas, ambiri ankati ndiye adzasankhidwe koyamba, koma kutatsala masiku ochepa kuti draft ichitike anapezeka ndi fupa losweka kuphazi. Matimu awiri anamudumpha. Philadelphia, yomwe sinkafuna kupambana msanga, inamutenga mosangalala. Anakhala zaka ziwiri osasewera, phazi likuchitidwa opaleshoni kawiri, ndipo m'kati mwa nthawi yomweyo mng'ono wake anamwalira pangozi ya galimoto ku Cameroon. Usiku womwewo wa draft Hinkie anapezanso Dario Šarić wa ku Croatia, akudziwa bwino lomwe kuti akhala kaye zaka ziwiri akusewera ku Turkey.

Dongosololi linatchuka ndi dzina lakuti The Process, ndipo mzinda unagawanika. Achinyamata ambiri, makamaka a pa intaneti, analikonda mpaka kumaliimbira m'bwalo. Achikulire omwe anaona Erving ndi maso awo ankati kulipiritsa munthu tikiti kuti adzaonere timu yokonzedwa kuti igonje ndi kuba. Onse anali ndi mfundo. Hinkie ankadziwadi kusinthanitsa: mu 2015 anailanda Sacramento Kings mipata yamtengo wapatali pongovomera kusenza malipiro a osewera omwe timuyo inkafuna kutaya, ndipo anatola Robert Covington ndi T.J. McConnell omwe palibe anawasankha pa draft. Koma zaka zitatu zotsatizana anadzaza timu ndi zimphona za malo amodzi, Noel, Embiid ndi Jahlil Okafor, zomwe sizikanasewerera limodzi. Ndipo anaiwala kuti awa ndi ana a anthu. Mnyamata wa zaka 19 ukamuika m'timu yogonja usiku uliwonse, popanda wamkulu womulangiza, chimene amaphunzira ndi kugonja komweko. Okafor atayamba kumveka ndi nkhani za ndewu kunja kwa bwalo, timu itagonja magemu 28 motsatizana kuphatikiza masizoni awiri, eni ake mtima unawachoka.

Mu December 2015 anabweretsa Jerry Colangelo, mkhalakale pa basketball ya ku America, kuti akhale pamwamba pa Hinkie. Manyuzipepala analemba kuti eni matimu ena anali atadandaula kwa mkulu wa ligi, Adam Silver. Mu April 2016 Hinkie anatula pansi udindo, n'kusiya kalata ya masamba 13 yofotokoza maganizo ake. Mpando wake eni timu anaupatsa Bryan Colangelo, mwana wa Jerry. Mwezi wotsatira maere anagwera Philadelphia, ndipo mu June inasankha Ben Simmons wa ku Australia pa nambala 1. Nayenso anathyoka phazi n'kukhala chaka chonse.

Chomwe chinatsatira ndicho chimapweteka masapota mpaka kumutu, chifukwa nkhokwe inali yodzaza. Mu 2017 timuyi inali ndi nambala 3, mphatso ya malonda aja a Sacramento. Bryan Colangelo anaipereka ku Boston Celtics, n'kuwonjezerapo mpata wina, kuti akwere pa nambala 1 ndi kutenga Markelle Fultz. Fultz anadwala phewa, kaponyedwe kake kanasokonekera modabwitsa madokotala ndi makochi, ndipo anachoka atasewera magemu 33 okha. Pa nambala 3 paja Boston inatenga Jayson Tatum. Dzinali mulisunge.

Komabe Embiid ndi Simmons atayamba kusewera limodzi, zinaoneka ngati mavuto atha. Mu 2017/18 anapambana magemu 52, zaka ziwiri zokha kuchokera pa 10 paja. Kenaka mu June 2018 Colangelo anachoka mwamanyazi, zitadziwika kuti maakaunti obisika a pa Twitter omwe ankanyoza osewera a timu yomweyo ankachokera m'nyumba mwake. Timu inapita ku draft ilibe bwana wokhazikika. Inasankha Mikal Bridges, mwana wa komweko yemwe mayi ake ankagwira ntchito ku kampani ya eni timuyo, n'kumutumiza ku Phoenix usiku womwewo, akadali ndi chipewa cha 76ers kumutu.

Elton Brand atatenga udindo, kudekha kwa zaka zisanu kunasanduka liwiro. M'miyezi itatu anagula Jimmy Butler ndi Tobias Harris, n'kutaya Covington, Šarić ndi mipata ingapo. Timu imeneyo, ya 2019, ndiyo inayandikira kwambiri. Pa 12 May, m'gemu yachisanu ndi chiwiri ya mu ndime yachipulula ku Toronto, zigoli zili 90 kwa 90, Kawhi Leonard anaponya mpira nthawi ikutha. Unadumpha kanayi pa chitsulo usanalowe. Embiid anatuluka m'bwalo akulira ngati mwana, ndipo Toronto inapitirira mpaka kutenga chikho. Munthu wanzeru akanati tasemphana nacho pang'ono, tiyesenso ndi anthu omwewa. Koma akuluakulu a timu analola Butler kupita ku Miami, n'kupatsa Harris kontirakiti ya madola 180 miliyoni, n'kugulanso Al Horford, chimphona china, ngati kuti za Okafor sizinawaphunzitse kanthu. Patatha chaka Boston inawasesa 4 kwa 0, Brown anachotsedwa, ndipo Horford anamutumiza ku Oklahoma City atamumangirira mpata wa draft kuti amulandire.

Kunabwera Doc Rivers ngati kochi, ndi Daryl Morey, mphunzitsi wa Hinkie uja, ngati bwana. Mu 2021 anatsogola chigawo chonse cha kum'mawa, koma Atlanta inawatulutsa pakwawo m'gemu yachisanu ndi chiwiri. Anthu amakumbukira mphindi imodzi: Simmons ali yekha pansi pa neti, m'malo moponya anapatsira mnzake. Mu ndime yachipulula ya chaka chimenecho ankalowetsa 34 pa 100 yokha ya mipira yaulere, ndipo mantha ankaoneka pankhope. Anakana kuseweranso timuyi, mpaka mu February 2022 anamusinthanitsa ndi James Harden wa ku Brooklyn. Mu 2023 Embiid anasankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi, ulemu womwe Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria analandira mu 1994. Masabata awiri asanathe, atatsogola 3 kwa 2, anagonja kwa Boston, ndipo m'gemu yomaliza Tatum anagoletsa mapointi 51. Rivers anachotsedwa, kunabwera Nick Nurse. Harden anapita ku China n'kukanena pagulu kuti Morey ndi wabodza, kenaka ulendo wa ku Los Angeles Clippers.

Mu 2024 anayesanso. Paul George, wa zaka 34, anasayina zaka zinayi pa madola 212 miliyoni, ndipo Embiid anamuwonjezera zaka zitatu ngakhale bondo lake linali litachitidwa opaleshoni chaka chomwecho. Embiid anasewera magemu 19, George 41, timu n'kupambana 24 okha. Kumapeto kwa sizoni masapota anapezeka akupempheranso kuti timu yawo igonje, popeza mpata uja anamangirira pa Horford ukanapita ku Oklahoma City ukanapanda kugwera m'malo asanu ndi limodzi oyamba. Maere anawakomera, ndipo mu June 2025 anasankha VJ Edgecombe wa ku Bahamas pa nambala 3.

Motero pofika pakati pa 2025, m'chipinda chimodzi munali matimu awiri. Ina ya Embiid ndi George, odya ndalama zambiri, matupi otopa, ofuna chikho lero. Ina ya Tyrese Maxey, Jared McCain ndi Edgecombe, othamanga, ofuna zaka zoti akule. Kugulitsa akuluakuluwo kunali kovuta, pakuti ndani akanalandira makontirakiti otere pa mawondo otere? Kuwasunga kunatanthauza kuti anawo azisewera modikira odwala.

Ena amati zonsezi ndi umboni wakuti kugonja mwadala sikupindula. Ine sindikuona choncho. Oklahoma City inagulitsa George yemweyo mu 2019 n'kupeza Shai Gilgeous-Alexander ndi mulu wa mipata, inapambana magemu 22 ndi 24 m'masizoni awiri, ndipo mu 2025 inatenga chikho. Kusiyana kwake n'kwakuti bwana wa timuyo, Sam Presti, anakhala pa mpando umodzi kuyambira 2007, ndipo amene anagwetsa ndi yemwenso anamanga. Ku Philadelphia m'zaka 12 munadutsa Hinkie, Colangelo, Brand ndi Morey, aliyense ndi nzeru zake, aliyense kufufuta za mnzake. Hinkie ali ndi mlandu wake wosasamala anthu, ndipo ligi inasintha malamulo kuyambira 2019 kuti matimu atatu a kunsi azikhala ndi mwayi wa 14 pa 100 basi. Koma mlandu waukulu ndi wa eni timu, omwe anavomera zaka zitatu za manyazi kenaka n'kuchita mantha zipatso zili pafupi.

Jrue Holiday, woyamba kugulitsidwa uja, anatenga chikho ndi Milwaukee mu 2021, n'kutenganso china ndi Boston mu 2024 ali limodzi ndi Tatum ndi Horford. Philadelphia 76ers, kuchokera mu 2002 mpaka sizoni ya 2024/25, sinadutsepo ndime yachiwiri ya chipulula.