Zipolopolo zopanda mtovu

Chaka chatha ndinapatsidwa nkhani ya Chingerezi yoti ndimasulire, yofotokoza za anthu a ku America amene amasewera nkhondo ya makolo awo. Zonse zinayenda bwino kupatula mawu amodzi. Wolembayo ankanena za chipolopolo chimene chimalira ndi kutulutsa utsi, koma osaponya kanthu kokalasa munthu. Ife tikati chipolopolo timanena chinthu chopha, basi. Ndinayesa kulemba kuti "chipolopolo chabodza", koma wonga wake ndi weniweni ndipo munthu akayandikira umamuwotcha nkhope. Ndinakhazikika pa "chipolopolo chopanda mtovu", pakuti chimene chachotsedwamo ndi kamutu ka mtovu kaja. Pofuna kutsimikiza kuti sindikunamiza owerenga, ndinayamba kuwerenga zimene osewerawo amalemba okha, ndipo ndinapeza kuti dandaulo lawo lalikulu ndi mtengo wa zipolopolozi. Dandauloli ndi lakale kuposa iwo.

Nkhondo imene amaseweraayo ndi yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, pamene zigawo za kumwera zinagalukira boma pofuna kusunga ukapolo. Masiku ano anthu wamba, aphunzitsi, amakanika, opuma pantchito, amavala yunifomu za ubweya za nthawi imeneyo, kumanga matenti m'munda wa munthu, n'kuwomberana pamaso pa oonerera. Amene anaonapo malipenga kapena mganda sangadabwe kwambiri: nakonso kwathu amuna amavala ngati asilikali n'kuguba. Kusiyana kwake n'kwakuti awa amafuna kuti batani lililonse la malaya lifanane ndi la 1863, ndipo mfuti zawo zimaliradi.

Msilikali wamba wa nkhondo imeneyo ankanyamula mfuti yonga gogodela imene alenje akale ankasunga m'midzi mwathu. Ankang'amba ndi mano kapepala kokulunga wonga, kuthira wongawo kukamwa kwa mfuti, kuikapo mtovu, kusinja ndi ndodo yachitsulo, kenako kuwomba. Wodziwa bwino ankawomba katatu pa mphindi. Kwa wosewera wa lero, mfuti imeneyi ndi yosaboola m'thumba. Amakulunga yekha timapepala madzulo kunyumba, kuthiramo wonga wokwana pafupifupi magalamu anayi, osaikamo mtovu, n'kutha. Pepala silidula ndipo likagwa pansi palibe amalitola.

Vuto lili kwa amene amasewera magulu aja amene anali ndi mfuti zowomba mobwereza. Mu 1860 mfuti ziwiri zatsopano zinalembetsedwa ku boma. Ya Christopher Spencer inkasunga zipolopolo zisanu ndi ziwiri m'kampope kobisika m'thabwa limene limatsamira paphewa. Ya Benjamin Tyler Henry inkasunga 15 m'kampope kogona pansi pa mpope waukulu. Zonse ziwiri zinkadya zipolopolo za chigoba cha mkuwa, momwe wonga, mtovu ndi choyatsira zinali pamodzi. Ukakoka chogwirira chapansi, chigoba chopsa chimatuluka, china n'kulowa.

Mkulu woyang'anira zida za boma, James Wolfe Ripley, sanazifune. Mu Disembala 1861 analembera nduna ya zankhondo kuzikana. Olemba mbiri ambiri amamunyoza Ripley ngati nkhalamba youma mutu, koma ine nditawerenga zifukwa zake ndinamumvetsa pang'ono. Mfutizi zinali zodula kwambiri poyerekeza ndi gogodela. Iliyonse inkafuna chipolopolo chakechake, pamene asilikali anali kale ndi mitundu yambirimbiri ya zipolopolo yosokoneza. Ndipo mnyamata wamantha atapatsidwa mfuti yotere akanamwaza m'mphindi zochepa zipolopolo zimene ngolo ya nyulu inavutika nayo pamatope tsiku lonse. Analakwa, koma ankawerengera ndalama ndi nyulu zenizeni.

Asilikali ena sanadikire. John T. Wilder, amene ankatsogolera gulu lokwera pamahatchi, anakonza zoti anyamata ake agule mfuti za Spencer pangongole ya kubanki ya kwawo ku Indiana, ngakhale kuti pamapeto pake boma linalipira. Pa 24 Juni 1863 gululi linalanda mpata wa Hoover's Gap ku Tennessee n'kuugwira mwamphamvu polimbana ndi adani amene ankaganiza kuti akumenyana ndi chikhamu chachikulu. Mu Ogasiti chaka chomwecho Abraham Lincoln anayesa yekha mfuti ya Spencer ku Washington, ndipo mwezi wotsatira Ripley anachotsedwa paudindo. Boma linadzagula mfuti za Spencer zoposa 100,000. Za Henry linangogula 1,731. Zambiri mwa zotsalazo asilikali ankagula ndi ndalama zawo, pamtengo wa malipiro a miyezi itatu kwa munthu wolandira madola 13 pamwezi. A kumwera akalanda mfuti zoterezi ankasowa nazo chochita zipolopolo zikatha, chifukwa analibe mkuwa wokwanira ndi makina opangira zigoba zake.

Tsono taonani chimene chimamuchitikira wosewera wa lero. Mfuti yeniyeni ya Henry ndi chuma cha m'nyumba zosungira zakale, sangapite nayo kutchire. Amagula yotengera, kawirikawiri yopangidwa ku Italy ndi makampani monga Uberti ndi Chiappa. Yotengerayo si yofanana ndendende ndi yakale. Zipolopolo za 1860 zinali ndi choyatsira m'mphepete mwa tsinde la chigoba, ndipo chigoba chikapsa chinali chotaya. Zotengerazi zinasinthidwa kuti zilandire chigoba chokhala ndi choyatsira pakati, chimene munthu angathe kuchichotsa n'kuikapo china. Mwachitsanzo, Henry wa lero amadya zipolopolo za .44-40 kapena .45 Colt, zimene zinatuluka mu 1873, nkhondo itatha kalekale. Bodza loyamba lagona pamenepo, ndipo linabwera chifukwa cha mtengo.

Chovuta chachiwiri ndi cha makina. Mfuti yobwereza imadalira kutalika ndi maonekedwe a chipolopolo kuti ichikankhe bwino kuchoka m'kampope. Mukachotsa mtovu, chipolopolo chimafupika, mfuti imatsamwa. Choncho opanga zopanda mtovu amatenga chigoba chotalikirapo n'kuchifinya kukamwa kuti chitsekeke mosongoka ngati duwa losamasula, chifanane ndi chipolopolo chathunthu. Powomba, kukamwako kumamasuka, nthawi zambiri n'kung'ambika, ndipo chigobacho sichibwereranso mwakale. Opanga mafilimu ku Hollywood anakumana ndi vutoli kale, ndipo anakonza chipolopolo chimodzi cholowa m'mitundu isanu ya mfuti za makaboyi. Osewera ena amagula zoterezo, za mkuwa kapena za pulasitiki. Ena amagula makina ofinyira n'kumapanga okha m'garaja, kutsuka zigoba ndi sopo chifukwa mwaye wa wonga wakuda umadya chitsulo, n'kumaphunzitsana njira zotalikitsira moyo wa chigoba.

Sikuti munthu angatsekere kukamwa kwa chigoba ndi chilichonse chotchipa chimene wapeza. Kanthu kolimba kakatuluka mu mpope kasanduka chipolopolo. N'chifukwa chake m'masewera ambiri amaletsa ngakhale kusolola ndodo yosinjira ija, kuopa kuti wina angaiiwale m'mfuti. Mu 1998, pamasewera aakulu okumbukira zaka 135 za nkhondo ya ku Gettysburg, munthu wina analasidwa pakhosi ndi mfuti yaing'ono imene munatsalira mtovu. Anapulumuka. Nthambi ya boma yosamalira malo a mbiri, National Park Service, siilola kuti magulu awiri aziwomberana pamalo enieni a nkhondo amene ili nawo, choncho masewera a Gettysburg amachitikira m'minda yapafupi.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mtengo umasintha nkhani imene oonerera amapita nayo kwawo. Mphamvu yonse ya Spencer inali kuchuluka kwa moto: kuwomba kangapo mdani asanamalize kusinja kamodzi. Wosewera amene chipolopolo chilichonse chikumudya m'thumba amawomba mowerenga, kudikira, kuyang'ana ngati oonerera akuona. Amachita ndendende zimene Ripley ankalakalaka, ndipo woonerera amabwerera kunyumba osamvetsa chifukwa chake Hoover's Gap inagwa. Apa ndikuona kuti amene amavutika m'garaja kufuna chipolopolo chotchipa akugwira ntchito yofanana ndi yanga. Womasulira naye amadziwa kuti mawu olondola amakhala odula, ndipo ukatopa umagwira apafupi n'kupitirira, owerenga osadziwa chimene chatayika.

Komabe sindikufuna kuwakometsera mopitirira. Ngakhale atapeza zipolopolo zaulere, masewerawa amasiya kunja zinthu zolemera kuposa liwiro la mfuti. Nkhondoyi inapha anthu oposa 600,000, ambiri a iwo ndi matenda. Anthu akuda pafupifupi 180,000 analowa usilikali kumbali ya boma, ndipo amene ankagwidwa ankayembekezera kuphedwa kapena kubwezedwa ku ukapolo. Munthu angathe kudziwa kutalika kwa chigoba cha Spencer mpaka kadontho, koma osafuna kumva chimene ankamenyera amene wavala yunifomu yawo. Zoterezi ndinaziona m'zolemba zina zimene ndinawerenga, ngakhale si zonse.

Pakanema wina wa pa intaneti ndinaonera mapeto a sewero lotere. Lipenga litalira, akufa anadzuka n'kusasa udzu pamabuluku, oonerera n'kuwomba m'manja. A gogodela anaguba kubwerera kumatenti. Kagulu ka a mfuti zobwereza kanatsalira, amuna aakuluakulu a imvi atawerama ngati okunkha mtedza, kufufuza zigoba zawo mu udzu n'kumaponya m'chipewa. Anyamata a Wilder sankatola. Zigoba za Spencer anthu akuzifukulabe m'minda ya ku Tennessee ndi Virginia. M'nkhani ndinkamasulira ija munali chiganizo chonena za kutolaku, ndipo mkonzi anafuna kuchichotsa kuti nkhani ifupike. Ndinamupempha kuti achotse china.