Fyuluta ya oyilo

Fyuluta ya oyilo ndi kachipangizo ka mu injini ya galimoto komwe kamasefa oyilo asanafike pa zitsulo zimene zimakhulana. Imagwira fumbi, mwaye ndiponso tizidutswa tachitsulo tomwe timaperepeseka injini ikamayenda. Zinyalalazi zikamazungulira limodzi ndi oyilo, zimapala mapisitoni ndi zitsulo zina ngati mchenga, ndipo injini imatha msanga.

Mbiri

Mu 1923, Ernest Sweetland ndi George Greenhalgh a ku United States anapanga fyuluta ya galimoto yomwe anaitcha Purolator. Inkasefa gawo lochepa chabe la oyilo pa nthawi imodzi. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi fyuluta yomwe oyilo yense wochokera ku pampu amadutsamo. Mtundu wofala, wooneka ngati kachitini komangira pa injini mochita kupotokola, unayamba m'zaka za m'ma 1950. Magalimoto ena ali ndi chotengera chokhalitsa, ndipo amangosintha pepala lam'kati.

Mmene imagwirira ntchito

Pampu imakankha oyilo kulowa m'timabowo ta m'mbali mwa fyuluta. Oyiloyo amadutsa pa pepala lopindapinda, kenako n'kutulukira pa bowo lapakati kupita mu injini. Mafyuluta ambiri ali ndi valavu yoletsa oyilo kubwerera pansi injini ikazima, kuti poliza m'mawa zitsulo zisakhulane zouma.

Palinso valavu ina, mu fyuluta momwemo kapena pa injini, yomwe imatseguka pepala likatsekeka ndi zinyalala. Zikatero oyilo amalambalala pepalalo n'kulowa mu injini osasefedwa. Galimoto imayendabe bwinobwino, moti dalaivala sangadziwe kuti fyuluta inasiya kale ntchito. N'chifukwa chake fyuluta saidikira kuti ionetse vuto, koma amaisintha nthawi yake ikakwana.

Kusintha fyuluta

Kawirikawiri fyuluta imasinthidwa limodzi ndi oyilo. Mtunda wake umasiyana malinga ndi galimoto komanso mtundu wa oyilo: ena amasintha pa makilomita 5,000, ena pa 10,000 kapena 15,000. Buku la galimoto ndi lomwe limanena mtunda woyenera ndi fyuluta yoyenera. Galimoto yoyenda m'misewu ya fumbi kapena maulendo afupiafupi imafunika kusinthidwa msanga.

Makaniko amayamba wakhuthula oyilo wakale injini ili yofunda, kenako amamasula fyuluta. Amaonetsetsa kuti labala yakale sinatsalire pa injini, chifukwa malabala awiri akasanjikizana oyilo amatayika ndipo injini ikhoza kufa. Labala ya fyuluta yatsopano amaipaka oyilo pang'ono, n'kumanga fyulutayo ndi manja, osati ndi sipanala. Akathira oyilo watsopano amaliza injini, n'kuona ngati pakudontha, ndipo akaizimitsa amayezanso mlingo wa oyilo.

Oyilo wakale ndi fyuluta yakutha siziyenera kutayidwa pansi kapena mu ngalande, chifukwa zimaipitsa nthaka ndi madzi akumwa.