Madzi Onyansa a Mumzinda wa Blantyre: Kumene Amapita ndi Mmene Amayeretsedwera

Madzi amene tagwiritsa ntchito m'chimbudzi, m'bafa kapena m'fakitale sathera pomwepo. Amapitirira ulendo wake mpaka kumtsinje. Nchifukwa chake Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre ili ndi malo oyeretsera madzi a suweji ku Manase, Soche, Limbe ndi Chirimba. Malo a ku Manase amathira madzi ake mu mtsinje wa Mudi, a ku Soche mu Mlambalala, pamene a ku Chirimba ali m'dera la mafakitale ndi nyumba zothithikana.

Ntchitoyi imayenda motere. Poyamba madzi amadutsa pa zitsulo zosefera zimene zimakola nsanza, mapulasitiki ndi zinyalala zina. Kenaka amayenda pang'onopang'ono kuti mchenga ndi zolemera zonse zidikhe pansi ngati matope. Gawo lalikulu limagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansa zotsala. Ku Soche madzi amawazidwa pa miyala imene tizilomboti timakhalapo. Ku Limbe amasungidwa m'maiwe akuluakulu kwa masiku angapo, kumene dzuwa, mphepo ndi ndere zimathandizana kupha majeremusi. Akatero ndiye amaloledwa kulowa mu mtsinje.

Tsono tizilombo tothandizati nto samalika. Oyilo wa galimoto, utoto ndi mankhwala a m'mafakitale zimatipha, ndipo tikafa madzi amatuluka osayera. Matewera ndi nsanza zimatseka mapaipi, zivundikiro zachitsulo zikabedwa mchenga umalowa, suweji nkumasefukira m'misewu. Komanso mapaipiwa amafika ku nyumba zochepa chabe. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzindawu, ndipo ambiri mwa iwo amadalira zimbudzi zokumba ndi masepitiki thanki. Zopopedwa m'menemo malo ake ndi kumalo oyeretserako, osati m'khwawa usiku.

Amene amavutika si ife akumtunda ayi, koma anzathu akumunsi amene amachapa, kusamba, kuthirira madimba ndi kumwetsa ziweto m'madzi omwewo asanafike mu Shire. Zonyansa zikachuluka zimatha mpweya wa m'madzi, nsomba nkufa, ndipo zimafalitsa kolera, kamwazi ndi taifodi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa.

Malamulo alipo: la za madzi la 2013 ndi la za chilengedwe la 2017 amaletsa kuthira zonyansa mu mtsinje popanda chilolezo. Mu 2023 Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza thandizo la ndalama lokonzera madzi ndi ukhondo m'Blantyre, kuphatikizapo suweji. Nayenso Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, adaphunzitsa kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense.

Choncho akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati tikumbutsane izi: m'chimbudzi chamadzi musalowe china koma pepala lake, paipi ikaphulika tidziwitse khonsolo msanga, wopopa chimbudzi timufunse kumene akataye, ndipo madzi a mumtsinje tisamwe osawiritsa kapena osathira kolorini.