Mbiri ya Magulu a Ophunzira ku Phalula

Phalula ndi dera la m'boma la Balaka, m'mbali mwa msewu wa M1 wochokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa. Mpaka chaka cha 1998 derali linali pansi pa boma la Machinga. Kumeneku dzuwa limaswa mtengo ndipo mvula imagwa mwa njomba. Motero wophunzira amalowa m'kalasi atasenza nkhawa za njala, fizi, mtunda wautali ndi mayeso a MSCE. Mbiri ya magulu omwe amamupepuza nkhawazi ndi yofanana ndi ya sukulu zina za m'Malaŵi muno.

Kale sukulu zisanabwere, ana ankasanguluka okha. Masana ankasewera masanje ndi phada, ndipo mwezi ukawala ankavina ndi kuponyerana zilapi pabwalo. Popanda wamkulu wowalamula, iwo ankasankha okha mtsogoleri ndi kuyanjanitsa oyambana. Amishoni atatsegula sukulu, kunabwera kwaya, mpira ndi gulu la Scouts lomwe Robert Baden-Powell adaliyambitsa ku Britain mu 1907. Koma utsogoleri wa zonsezi unali m'manja mwa aphunzitsi.

Mu 1963 kunakhazikitsidwa gulu la Malawi Young Pioneers. Mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, apayoniya ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa masewero olimbitsa thupi ndi kuguba. Chaka ndi chaka, pa Sabata la Achinyamata, ophunzira ankalambula misewu ndi kuthandiza nkhalamba. Ntchitoyi inali yabwino ndithu, koma inkachitika molamulidwa, ndipo wophunzira analibe mpata wonena za kukhosi. Mpata wochepa unkapezeka m'mapemphero a SCOM ndi YCS, komanso mu mpikisano wa zisudzo za Chingerezi wa ATEM. Pa zisudzopo mwana ankatha kudandaula za umphawi kapena ukwati wokakamizidwa atabisala m'dzina la munthu wa m'sewero.

Zinthu zinasintha chifukwa cha mliri. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno anadziwika mu 1985, ndipo posakhalitsa m'makalasi munadzaza ana amasiye. Akuluakulu ankachita manyazi kukamba za matendawa pamaso pa ana. Apa mpamene magulu a Edzi Toto anafala m'sukulu. Ophunzira ankasankha okha wapampando ndi mlembi, napeka okha nyimbo, ndakatulo ndi zisudzo, mphunzitsi nangokhala mlangizi. Mwana wofedwa anapeza anzake omumvetsa.

Asilikali atalanda zida apayoniya mu Disembala 1993, ndipo ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, ufulu wosonkhana ndi kulankhula unafikanso kusukulu. Chaka chomwecho maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Mu 1998 sukulu za MCDE zinasanduka sekondale zoyendera za CDSS, ndipo ana ambiri akumudzi anafika ku sekondale. Sukuluzi zilibe alangizi okwanira a za maganizo, choncho wophunzira wothedwa nzeru amayamba wauza mnzake. M'zaka za m'ma 2010 pulogalamu ya pawailesi ya Nkhawa Njee inaphunzitsa achinyamata m'magulu omvera wailesi kuti kukhumudwa kwa nthawi yaitali ndi matenda ochizika.

Kufunika kwa maguluwa kunaonekera poyera pamene sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha COVID-19. Kwa miyezi yoposa isanu kunalibe kwaya, mpira kapena mtsutso. Atsikana ambiri, makamaka m'maboma a Machinga ndi Mangochi, anatenga mimba kapena kukwatiwa, ndipo ena sanabwererenso m'kalasi.

Mbiriyi ikusonyeza kuti gulu limachiza mtima pamene eni ake ali ophunzira. Kuguba molamulidwa kunalimbitsa matupi, koma nkhawa zinayamba kupepuka ana atapatsidwa bwalo loti alankhule okha. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Ophunzira a ku Phalula amene amasankha atsogoleri awo ndi kufunafuna mnzawo wojomba akusunga mwambo umene unayambira pabwalo la m'mudzi.