Magombeza a Anavajo

Ku Amerika, m'dziko louma la Arizona ndi New Mexico, kuli mtundu wochedwa Navajo, umene akazi ace amveka ponse ponse ndi luso la kuomba. Lusoli analiphunzira kwa anansi ao, Apueblo, m'zaka za m'ma 1600. Ndipo ubweya anautenga ku nkhosa zimene zinadza ndi Aspanya. Magombeza ao akale anali a mizere yoyera, yakuda ndi yamtambo, oombedwa kolimba, kotero kuti mitundu yina inapereka akavalo kuti iwapeze.

Mu 1863 asilikari a Kit Carson anaononga nkhosa zao. Mu 1864 anthuwo anatengedwa ukapolo kunka ku Bosque Redondo, nabwerera kwao mu 1868 ali amphawi. Pofika njanji ca m'ma 1880, mabulangete a makina anacuruka, ndipo akaziwo anayamba kuombera Azungu zoyala pansi.

Apa panabuka ciyeso. Amalonda ena anagula nsaruzo pa sikelo monga cimanga, ndipo nchito inayamba kucitika mwaphuma. Koma ena, monga Lorenzo Hubbell wa ku Ganado, anafuna zokoma zokha zokha. Cotero Ganado inamveka ndi zofiira, ndi Two Grey Hills ndi ubweya wosanyika.

Mu 2012 gombeza limodzi lakale linagulidwa madola 1,800,000. Tisazizwe ndi ndalamazo. Tikumbukire mkazi wosadziwika dzina amene anapota ulusi wace mosafulumira. Nchito ya manja tikaiyesa pa sikelo, tiipha.